Wa Kumanzere Uja

"Yang'anani mnzanu wa kumanzere, kenako wa kumanja," anatero a Pulofesa kwa ophunzira fizikisi a chaka choyamba. "Pofika chaka chamawa, awiri mwa inu atatu adzakhala atathawa."

Mayi wosamalira zipangizo za mu labu anamva ali pakhomo. Mawu omwewa ndiwo anamuthamangitsa m'kalasi yomweyi ali wophunzira, zaka makumi awiri zapitazo. Chifukwa chake ankachidziwa: a Pulofesa ankafuna kuti m'chaka chachiwiri muzitsala ophunzira ochepa, iwo aziweruka dzuwa lili paliwombo.

Kuyambira tsiku limenelo, masana aliwonse mayiyu ankatsegula kabati ya magalasi ndi maginito yomwe inkangochita fumbi.

"Gwirani, ana anga. Chikasweka ndiyankha ndine."

Ophunzirawo anayatsa pepala ndi dzuwa, anapanga utawaleza pakhoma. Wovutika ndi masamu, mayiyu ankamukhazika pansi mpaka amve.

Chaka chotsatira mayiyu anadzaunjika mapepala a mayeso 74 patebulo la a Pulofesa.

"Onsewa ndichonge ndekha? Palibe amene anathawa?"

"Palibe, bambo. Ndipo akufunika Lolemba." Anawaikira cholembera chofiira pamwamba pa muluwo. "Wa kumanzere uja ndinali ine."