Mutu wa Gulo

Padangotero, Mbira wa kumapiri ozizira a ku Dedza anatsikira ku tauni ya kuchigwa kukafuna ntchito. Kumeneko analibe mbale ndi mmodzi yemwe, ndipo ngakhale mphepo inkaomba yotentha. Mtima uli m'mwamba, anapeza Gulo ali pakhoma.

"Zikomo achimwene, kwathu timaothera dzuwa pathanthwe. Kodi kuno ndingaothere padenga la malatali?"

Gulo anagwedeza mutu.

"Ngakhale masana?"

Gulo anagwedezanso.

Mbira anakwera. Dzuwa litafika paliwombo, malata anamuotcha mapazi mpaka anagwa pansi akuitana mayi ake.

"Nanga munandivomereranji?" anafunsa uku akunyambita matuza.

"Ndavomera liti, achemwali?" anatero Gulo. "Mutuwu umagwedera wokha. Ndimagwedezera kondakitala, ndimagwedezera abwana, ngakhale khwangwala wofuna kundidya. Kuno kumvetsera munthu n'kotopetsa, kwatentha."

Mbira anakwawira pamthunzi, osadziwanso woti n'kumukhulupirira.

Chaka chitatha, Mende wachilendo, katundu ali pamutu, anafunsa Mbira ngati madzi a m'ngalande ndi akumwa. Mbira anafuna kumuletsa, koma mutu wake unali utayamba kale kugwedera.

Nthano yathera pompo.