Mlombwa wa Goliati

Lachisanu Loyera, Ambrose anakweza dzanja kuti ayambitse nyimbo yatsopano, koma dzanjalo linangoima m'mwamba.

Nyimboyo anaimasulira ndi Bambo Mfumu, mzungu wa pamishoni kufupi ndi Balaka. Inkatchula mtengo wa kwawo wotchedwa alida, womera m'mbali mwa mtsinje, umene ukadulidwa umafiira ngati magazi.

"Kuno tiutcha chiyani?" anafunsa Bambo.

Ambrose, woimbitsa kwaya kuyambira nkhondo isanayambe, anati mkuyu. Goliati, mphunzitsi wobwera dzulodzuloli, anati mlombwa, pakuti umakha magazi ngati Ambuye pamtanda. Bambo anaomba m'manja, nalemba mlombwa m'nyimbomo.

"Mlombwa unamera liti kumadzi?" Ambrose anadandaulira mkazi wake Scholastica m'mawa wa Lachisanulo.

"Iyayi, bambo a Modester, Kaini anayamba chonchi," anatero Scholastica. "Kaimbeni basi."

Tsopano tchalitchi chonse chinkamuyembekeza, Goliati ali pampando wakutsogolo, maso pansi ngati woyera mtima. Ambrose anatsitsa dzanja, nyimbo inayamba. Atafika pa liwu lija, anatseka pakamwa kuti lisatuluke.

Koma mlombwa unamveka mpaka kudenga, ndipo mawu okwera koposa onse, onjenjemera ndi misozi, anali a Scholastica.