Matayala a Malume

Galimoto inakana kukwera kamtunda ka ku Erdington. Matayala ankangozungulira pa sinowo, pomwe nkhalamba zoti a Bishop akazisambitse m'mawa umenewo zinkadikira.

Foni inalira. Anali bwana wa kampani yosamalira okalamba m'makomo.

"Mukalephera kufika lero, round yanu, nyumba zonse mumayenderazo, ndipatsa wina, ndipo simudzaibwereranso," anatero.

Matayala amenewa a Bishop anawaika sabata yatha, atanyengereredwa ndi Everton, mwana wa mlongo wawo, amene anamuitanitsa okha kuchokera ku Limbe nʼkumupezera ntchito pakampani yomweyo.

"Malume, matayala anu a wintawa, oyendera pa sinowo, ndi ovutitsa chabe," anatero tsiku limenelo. "Kuno sinowo siigwa kwenikweni. Ikani ma all-season, amayenda chaka chonse. Akalewa ndikakutayirani."

Anavomera. Munthu ungakayikire mwana amene akudya m'nyumba mwako?

Kumbuyo kunatulukira galimoto ina, ikukwera ngati pamsewu wouma. Inaima pambali pawo, galasi nʼkutsika.

"Pepani malume!" anali Everton. "Bwana akuti ndikagwire round yanu. Ndipatseni makiyi a nyumbazo."

A Bishop anatuluka, nʼkuwerama. Kuyambira nthawi imene ankayendetsa minibasi kumudzi, tayala lawo lililonse ankalidonthezera penti yofiira m'mbali, kuopa amakaniko osinthanitsa. Pa matayala a galimoto ya Everton kadontho kanali pomwepo, kutsogolo ndi kumbuyo komwe.

"Iwe, matayala anga aja unakataya kuti?"

"Kudzala, malume," anayankha Everton, akulandira makiyi.

Galimoto inanyamuka osaterera ngakhale pang'ono.