Madontho Ofiira a Mayi Telala

Penti inali isanaume pachitseko pamene Mayi Telala anazindikira pepala limene wopentayo ananyamula. Anali mapu awo omwe, aja anajambula ndi anzawo m'holo ya sukulu atagwada pansi.

Nyumba iliyonse yolowa madzi mvula ikagwa anaiika kadontho kofiira ndi dzanja lawo. Anayenda khomo ndi khomo, matope lekeza m'maondo, kunyengerera anthu. "Nenani zoona, abale anga, kafukufukuyu ndi wathu. Atikumbira ngalande."

Lero kadontho kalikonse kasanduka ekisi pachitseko, chizindikiro cha nyumba yoti igwetsedwe.

Wofufuza amene anabweretsa kafukufukuyo anaima pafupi ndi galimoto yake yoyera, akupukuta magalasi.

"Amayi, ine ndinangopereka zotsatira kwa akuluakulu. Zogwetsazi sindikuzidziwa."

"Zotsatira?" anatero Mayi Telala. "Si inu munkati cholembera chili m'manja mwathu? Mwatigwetsetsa nyumba ndi manja athu omwe, bambo! Ngalande ija ili kuti?"

Kutsidya kwa msewu mlamu wawo anaima pakhomo pake, mwana kumsana. Poyamba iye ankakana kuyankha mafunso a kafukufukuyo, amene anachita kumukakamiza ndi Mayi Telala omwewa. Anangowayang'ana.

Mayi Telala anatsomphola burashi m'manja mwa wopenta uja naiviika m'chitini mpaka chogwirira. Anafika pagalimotopo nalemba ekisi wamkulu pachitseko, penti ikuyenderera mpaka patayala.

"Nayonso yaima polowa madzi," anatero. "Kailembeni m'kafukufuku wanuyo."