Wonyamula Machira pa Chimbale Chimodzi

Chala changa chinali kale pa batani la makina okopera tepi pamene mayi amene anabwera ndi tepi ya mpira anandigwira dzanja.

"Tabwerezaninso, achimwene."

"Tepi yanuyi yachita nkhungu, mayi. Iyenda kamodzi kokha, ndipo ndikaiimitsa kuti ndisinthe chimbale, iduka. Mukafuna zithunzi zoyera, pa chimbalechi pakwana chigawo choyamba chokha cha mpirawu. Ndikaupanikiza wonse, nkhope zikhala ngati mbatata zosenda."

Malemu amuna awo sanali omwetsa zigoli ayi. Ankanyamula machira, ndipo moyo wawo wonse anaoneka pa TV tsiku limeneli lokha, goloboyi atathyoka mwendo. Kunyumba kulibe chithunzi chawo china.

"Goloboyiyo anathyoka chigawo chiti?" ndinafunsa.

"Ndidziwa bwanji? Ine ndinali kuchipatala, ndikubereka."

Anayang'ana tepi ija, nandisiya dzanja.

"Ikani wonse."

"Mukadzayamba kutukwana, dzina langa musalitchule."

Sanaseke. Ndinadina batani. Makina analira ngati chitseko chakale mpira wonsewo, ine nthabwala zitandithera. Woimbira atangothetsa masewero, tepi inati phwi, kuduka.

Tinaika chimbale chija kuti tione. Chakumapeto kwenikweni, timadontho tiwiri toyera tinalowa m'bwalo tikuthamanga ndi machira. Nkhope panalibe, ngakhale mphuno. Ndinayamba kusanja mawu opepesa.

Mayi aja anasendeza mpando mpaka mpweya wawo unachita nthunzi pagalasi.

"Akumbuyowo," anatero motsitsa mawu. "Taonani, anthu onsewa akuwaona, malaya sanapisirenso."