Nkhope ya Bwana pa Sikirini

"Iyambitsenso, alendo aone liwiro lake," anatero a Pyo, mkulu wa gulu la olemba mapulogalamu.

Dong-ha anadina batani mtima uli m'malo. Pulogalamu yodzutsa sikirini ya m'galimotoyo analemba ndi iyeyo. Pofuna kuti iziyaka msanga, anachotsamo mzere umodzi, uja wosesa malo osungira chithunzi makina akamadzuka.

Sikirini inayaka, koma m'malo mwa mapu panatuluka chithunzi chimene ankayesera m'mawa: a Pyo ali mtulo pampando, kukamwa kuli yasa, timitengo todyera tili m'manja.

Alendo a ku kampani ya magalimoto anayamba kuyang'ana nsapato zawo. Wina anatsokomola chifuwa alibe. Dong-ha anawerama mpaka chipumi kutsala pang'ono kugunda tebulo.

"Pepani bwana, sindinasese. Chinatsalira m'makinamo."

"Unandijambula liti?"

"Tsiku lija titangodya nkhomaliro."

"Anzako achiona?"

"Tonse timayesera chomwechi, bwana."

A Pyo anavala magalasi n'kuyandikira sikirini ija. Anadziyang'anitsitsa kwa nthawi, Dong-ha akudikira mawu omuchotsa ntchito.

"Nanga nkhope yanga yakhala yabuluu bwanji?" anafunsa. "Wasinthanitsa mitundu iwe. Masiku onsewa mwakhala mukundiseka, palibe ndi mmodzi yemwe anaona?"

Dong-ha anatambasulira dzanja ku batani.

"Ndichichotsa pompano, bwana."

"Usachichotse," anatero a Pyo akuvula magalasi. "Uziyang'anizana nacho mpaka ndioneke ngati munthu."