Nsidze Zongojambula

"Chonde asisi, musazimete kwambiri," anatero kasitomala. "Amene akundikwatira Lowerukali akuti amandikondera nsidze zowirira zomwezi."

Mtsikana wa mu saluni anaseka, lezala lili m'manja. "Amuna ndi osiyanadi. Wanga anati zanga zinali ngati tchire. Ndazizula zaka zitatu, pano zinakaniratu kumera. Ndimangojambula ndi pensulo."

"Koma ndiye mumam'kondatu!"

"Ndikamuona ndimaiwala ndi kudya komwe."

Asanatseke n'pakamwa pomwe, chitseko chinatseguka. Wokondedwa wa mtsikana wa mu saluniyo, yemwe ankati ali kutali ku ntchito, analowa atanyamula chikwama cha kasitomala.

"Mwatha, mkazi wanga?" anafunsa kasitomalayo. Atakweza mutu, maso ake anakumana ndi a mtsikanayo.

Inu, lezala linalitu pansidze penipeni pa mkwatibwi! Kungoterereka pang'ono, Loweruka akanavina ndi nsidze imodzi. Kenako mtsikanayo anaika lezalalo pansi, n'kutenga kaburashi, n'kupesa nsidzezo bwinobwino. Popukuta misozi, nsidze yake ina inatsalira pamkono.

"Asisi, yanu yafufutikatu," anatero mkwatibwi, osadziwa kanthu.

"Musadandaule," anayankha akutola pensulo. "Zanga n'zongojambula. Zanuzo musadzazulire munthu."